Tsamba la m'mwala wa ku Moatize ndi chibuluzi cha m'nyanja yomwe inauma

A Phiri (Moatize): Mwaswera bwanji abale nonse. Taonani chithunzi ndaponyachi. Mwalawu ndautola dzulo pa mulu wa miyala yakuda imene imatayidwa tikamakumba malasha. Nditaugogoda pang'ono unang'ambika pakati, ndipo m'katimo muli tsamba lathunthu longa lilime la ng'ombe, mitsempha yake yonse ikuoneka. Mwana wanga wa kalasi ya 10 atauona akuti, "Ababa, tsamba ili tinaliona pa mapu kusukulu, pambali pake panali chibuluzi chotchedwa Mesosaurus." Ndiye ndati ndifunse kwa inu odziwa. Chibuluzicho ndi chiyani? Nanga poti tsamba lapezeka kuno, mafupa akenso tingawapeze mu mina muno?

Anaphiri (Zóbuè): Ii, koma tsambalo likuoneka ngati lagwa dzulo dzuloli! Kodi chibuluzi mukunenacho si chija anachiimika mu miziyamu ya ku Karonga?

Nachisale (Tete): Ayi amayi, cha ku Karonga ndi Malawisaurus, dinosaur ya khosi lalitali, ndipo inabwera pambuyo kwambiri. Mesosaurus inakhalako zaka pafupifupi 280 miliyoni zapitazo, dinosaur isanaoneke ndi imodzi yomwe. Sinali yaikulunso, kutalika kwake ngati mita imodzi, thupi lowonda, mchira wautali, mlomo wautali wodzaza ndi mano osongoka ngati singano. Mukaona chithunzi chake mungati ndi kamwana ka ng'ona, koma si ng'ona.

Tsamba lanu a Phiri, mmene likuonekera, ndi Glossopteris. Dzinalo limachokera ku liwu lachigiriki lotanthauza lilime, choncho simunaphonye pofanizira ndi lilime la ng'ombe. Malasha mukukumbawo ambiri ndi mitengo yomweyo, imene inkagwera m'madambo n'kukwiririka.

Aphunzitsi a Banda (Ulónguè): Zikomo Nachisale, wayamba bwino. A Phiri, mwana wanuyo mumuuze kuti wakumbukira molondola. Zinthu ziwirizi zimaikidwa pa mapu amodzi chifukwa zonse ndi mboni pa mlandu umodzi. Mafupa a Mesosaurus amapezeka ku Namibia ndi ku South Africa, kenako amapezekanso kutsidya kwa nyanja ya Atlantic, ku Brazil, ku Uruguay ndi ku Paraguay. Kanyama ka mita imodzi sikakanasambira kuoloka nyanja yonse ija. Alfred Wegener, Mjeremani amene anatulutsa buku lake mu 1915, ananena kuti nyanjayo kunalibe pa nthawiyo, Africa ndi South America zinali dziko limodzi. Anthu ambiri ophunzira anamukana, ena n'kumati panali mtunda wautali wonga mlatho umene unadzamira. Alexander du Toit wa ku South Africa anapita yekha ku South America kukayerekeza miyala ya kumeneko ndi ya kwawo, napeza kuti imasanjikana mofanana. Wegener anamwalira ku Greenland mu 1930, ndipo maganizo ake anadzavomerezedwa m'zaka za m'ma 1960, mwini wake kulibe.

Ife tinaphunzitsidwa kuti Mesosaurus inkakhala m'madzi opanda mchere, n'chifukwa chake sikanatha kuoloka nyanja. Ndimawauza chomwecho ana anga mpaka lero.

Nachisale (Tete): Pepani aphunzitsi, ndisakhale ngati ndikukudulani mawu, koma pa nkhani ya madzi opanda mcherewo zinthu zinasintha. Ofufuza a ku Uruguay, motsogozedwa ndi mayi Graciela Piñeiro, anapeza zizindikiro za gypsum m'miyala momwe muli mafupawo. Gypsum imapangika madzi amchere akamauma, monga mchere umatsalira mu mphika madzi akaphwa. Ndiye akuti madziwo, makamaka mbali ya ku Uruguay, anali amchere kwambiri kuposanso nyanja wamba. Inali nyanja yotsekeka m'kati mwa dziko, yosazama kwambiri, yofika mbali zonse ziwiri. Ku Brazil miyala yake amaitcha Irati, ku South Africa ndi ku Namibia amati Whitehill, ku Uruguay amati Mangrullo, koma matope ake ndi a pansi pa madzi amodzi.

Aphunzitsi a Banda (Ulónguè): Usapepese mwanawe, gulu lino tinalikhazikitsa kuti tiziwongolana. Ndiye kuti umboni wa Wegener wagwa?

Nachisale (Tete): Sunagwe aphunzitsi, ine ndikuona ngati walimba. Kale umboni unali wakuti nyama imodzi yapezeka mbali ziwiri. Tsopano ndi nyama imodzi, tizilombo tomwe inkadya tofanana, ndi matope akuda ofanana, zonse mbali ziwiri. Nyanja yonseyo ndi imene inadulidwa pakati pamene Atlantic inayamba kutseguka, zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo.

Agogo (Furancungo): Ana inu, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine sindikutsutsa, koma ndikufuna kumvetsa. Mamiliyoni a zaka mukutchulawa, anawerenga ndani? Munthu wa m'mudzi mwathu muno sadziwa chaka chimene agogo ake anabadwa, ndiye mwala angaudziwe bwanji?

Nachisale (Tete): Funso labwino agogo. M'miyala ya Irati muli timizere ta phulusa la mapiri ophulika, limene linkagwera m'nyanjamo nyamazo zili moyo. M'phulusamo muli timiyala ting'onoting'ono totchedwa zircon. Kamwalako kakamapangika kamatsekera uranium m'kati mwake, ndipo uranium imasanduka mtovu pang'onopang'ono, pa liwiro lodziwika limene silisintha. Akayeza uranium yotsala ndi mtovu wopangika, amawerengera zaka. Zili ngati chidebe chodontha mofanana tsiku ndi tsiku, mukaona madzi otsala mumadziwa kuti chinadzazidwa liti. Pa Irati anapeza zaka pafupifupi 278 miliyoni.

Agogo (Furancungo): Chabwino, chidebe chodontha ndachimva. Ndilingalirabe, koma pitirizani.

A Tembo (Cahora Bassa): Moni nonse, ine ndi wa pamadzi, ndimagwira kapenta. Funso langa ndi la msodzi. Adziwa bwanji kuti chinali cha m'madzi? Ng'azi imafera m'madzi nthawi zina koma ndi ya kumtunda. Ndiponso mwana wanga anandionetsa pa foni chinyama chachikulu cha m'nyanja chotchedwa dzina longa lomweli, chomeza shaki. Ndi chomwechi?

Aphunzitsi a Banda (Ulónguè): A Tembo, chimene anakuonetsani ndi Mosasaurus, kusiyana kwa dzina ndi zilembo ziwiri zokha koma nyama zake n'zotalikirana. Mosasaurus inkapitirira mamita 10, inakhalako kumapeto kwa nthawi ya ma dinosaur, ndipo ndi mbale wa ng'azi ndi njoka. Mafupa a abale ake amapezekanso ku Angola. Pakati pa ziwirizi pali zaka pafupifupi 200 miliyoni.

Za madzi, umboni uli m'mafupa. Nthiti zake n'zonenepa modabwitsa, zokhuthala ngati nthochi, zolemera. Nyama ya kumtunda safuna katundu wotere, koma ya m'madzi osazama imafuna kulemera kuti mpweya wa m'mapapo usamaiyandamitse. Dugongo, nyama yoyamwitsa ya m'nyanja yopezeka ku Bazaruto, ali ndi nthiti zoterozo lero lino. Mapazi akumbuyo ndi otambalala, zala zazitali, oyenera kupalasa. Mchira ndi wautali woyenera kukupiza uku ndi uku. Mphuno zili chakumbuyo, kufupi ndi maso. Chimene chimandigwira mtima ine n'chakuti makolo ake anali atatuluka kale m'madzi n'kukhazikika kumtunda, koma iyo inabwereramo. Ili m'gulu la zokwawa zoyambirira zenizeni kuchita zimenezo. Ma ichthyosaur, aja onga nsomba, anadza patapita zaka pafupifupi 30 miliyoni.

A Tembo (Cahora Bassa): Nanga mano a singanowo inkagwira nawo nsomba?

Nachisale (Tete): Kale ankati manowo anali ngati sefa, imamwa madzi n'kusefa tizilombo. Koma anadzapeza zotsalira za chakudya m'mimba mwa mafupa ena, ndi ndowe zake zosanduka mwala. Zambiri ndi tinyama tonga kamarau tating'ono, tomwe tinali tochuluka m'nyanjamo. Anapezanso timafupa ta ana a Mesosaurus m'mimba mwa zazikulu. Ndiye manowo anali ngati mono, chikalowa sichituluka.

Anaphiri (Zóbuè): Kudya ana ake omwe! Njala ya m'nyanja imeneyo inali yoopsa ndithu.

A Phiri (Moatize): Ndabwerera, ma mega anandithera. Ndawerenga zonse. Koma mwandisiya m'malere penapake. Nachisale wati si ng'ona, si dinosaur. Aphunzitsi ati si mbale wa ng'azi. Ndiye ndi mbale wa yani? Chilichonse chili ndi mfunda wake, Mesosaurus ndi wa kwa yani?

Aphunzitsi a Banda (Ulónguè): Apa ndiye mwafika pa phata pa nkhani a Phiri, ndipo mundilole ndichedwepo.

Tsiku lina mukadya mutu wa mbuzi, musataye chibade. Yang'anani kumbuyo kwa diso, m'mbali mwa mutu. Pali mpata umene mnofu wotafunira umadutsa, pansi pake pali kafupa kopindika ka tsaya. Akatswiri akale anaona kuti nyama za msana zomwe sizidalira madzi poswana zingagawidwe powerenga mabowo a pamalo amenewo. Za bowo limodzi mbali iliyonse anazitcha Synapsida, m'menemo muli mbuzi, ng'ombe, mbewa ndi ife anthu. Za mabowo awiri anazitcha Diapsida, m'menemo muli ng'ona, abuluzi, njoka, ma dinosaur ndi mbalame. Zopanda bowo anazitcha Anapsida, ndipo chitsanzo chomwe tinkapatsidwa ndi kamba.

Vuto la Mesosaurus n'lakuti chibade chake n'chopyapyala, ndipo pafupifupi chilichonse chomwe chinapezeka n'chophwanyika, chopanikizidwa ndi miyala ngati tsamba lanulo. Ndiye pamalo pomwe pakufunika kuwerenga mabowo ndi pomwe pamasweka. Friedrich von Huene, Mjeremani, anajambula chibadecho ndi bowo limodzi, ndipo anaiika kufupi ndi mbali yathu ya Synapsida. Ena odza pambuyo anati ayi, bowo palibe, chimene anaona von Huene ndi mafupa osweka. Sean Modesto, amene anaphunzira mafupawa kwa zaka zambiri, anaiika m'gulu lotchedwa Parareptilia, ndiye kuti zokwawa za pambali, nthambi ina yakale imene inatha yonse osasiya mbewu. Ine ndimatsatira zimenezo.

Nachisale (Tete): Ine aphunzitsi ndili mbali inayo, ndipo ndinene chifukwa. Mu 2012 Piñeiro ndi anzake anafotokoza zibade za ku Uruguay zosungika bwino, ndipo anati bowo lija lilipo ndithu, m'munsi kumbuyo kwa diso. Ndiye kuti von Huene sanaone zabodza. Komatu sanabwerere kokati ndi Synapsida. Michel Laurin ndi Robert Reisz anali atanena kale mu 1995 kuti banja la Mesosaurus ndi nthambi yoyamba kupatuka pa tsinde la zokwawa zonse, zinazo zisanagawikane. Mu 2017 Laurin ndi Piñeiro anabwerezanso mfundo yomweyo. Tikanena mwa kwathu, si mwana wa m'nyumba ya Parareptilia, koma ndi mlongo wake wa gogo amene anabala mbumba yonse ya zokwawa.

Aphunzitsi a Banda (Ulónguè): Komatu usaiwale kuti mu 2018 Mark MacDougall ndi anzake, Modesto ali momwemo, anawayankha. Anatenga zizindikiro zambiri ndi nyama zambiri zoyerekezera, ndipo Mesosaurus inabwereranso mu Parareptilia. Pa bwalo la amfumu, mboni imodzi siigamula mlandu.

Nachisale (Tete): Zoona aphunzitsi, ndipo pamenepo tikugwirizana kuposa mmene zikuonekera. Bowo lokha silingagamule, chifukwa zinyama zina za mu Parareptilia momwemo zili nalo bowo, zina zilibe. Ndipo kamba amene munamutchula uja, DNA yaonetsa kuti abale ake apafupi ndi ng'ona ndi mbalame. Ndiye kuti makolo ake anali nawo mabowo, kenako anatsekeka. Bowo limatha kutseguka ndi kutsekeka m'mibadwo. Chimene chimasokonezanso n'chakuti moyo wa m'madzi unasintha thupi lonse la Mesosaurus, mlomo, nthiti, mapazi, mpaka zizindikiro za makolo ake zinabisika. Zili ngati mwana amene anapita ku Joni ali wamng'ono, wabwera wokalamba, chilankhulo chasintha, nkhope yasintha, ndiye a mbumba ziwiri akukanganirana kuti ndi wathu.

A Phiri (Moatize): Ndiye ndimuuze chiyani mwana wanga? Mayeso safuna mikangano.

Aphunzitsi a Banda (Ulónguè): Mumuuze chimene mbali zonse zikuvomereza lero: ili ku mbali ya zokwawa, osati ku mbali yathu ya zoyamwitsa, ndipo banja lake limatchedwa Mesosauridae. Pomwe akusiyana ndi pa nthambi yeniyeni imene ikhale. Ndipo mumuuzenso kuti akusiyana chifukwa chiyani. Ana athu timawapatsa mayankho okhaokha, osawaonetsa mmene mayankhowo amapezekera, kenako akamva kuti buku lasintha amaganiza kuti anthu ophunzira amanama.

Agogo (Furancungo): Pamenepo aphunzitsi mwanena. Ine chimene chandikhazika mtima pansi n'choti akutsutsana poyera, wina akalakwa mnzake amamubweza. Ndinkaganiza kuti amangogwirizana m'chipinda n'kutiuza.

Anaphiri (Zóbuè): Banja lakelo lili ndi angati? Kapena anali yekha ngati mtengo wa pachulu?

Nachisale (Tete): Mabuku ambiri amatchula atatu amayi. Mesosaurus tenuidens, imene Paul Gervais wa ku France anaitcha dzina mu 1865. Stereosternum tumidum, imene Edward Cope wa ku America anaitcha m'zaka za m'ma 1880 kuchokera ku mafupa a ku Brazil. Ndi Brazilosaurus sanpauloensis, imene Shikama ndi Ozaki a ku Japan anaitcha mu 1966. Ankazisiyanitsa ndi kutalika kwa mutu poyerekeza ndi khosi, kutalika kwa mano, ndi kunenepa kwa nthiti. Koma mu 2021 gulu la Piñeiro linati zonsezi ndi nyama imodzi, ndipo mu 2022 Antoine Verrière ndi Jörg Fröbisch atayeza mafupa a nyama zoposa 200 anapezanso chimodzimodzi. Akuti kusiyanako kumatsata msinkhu, mano ndi mlomo zimatalika nyamayo ikamakula. Munthu amene sanaonepo nkhuku mutamupatsa mafupa a mwanapiye, a chipsolopsolo ndi a tambala, angathe kunena kuti ndi mbalame zitatu.

Ndipo za anawo, mu 2012 anafotokozanso mafupa a mwana wosabadwa ali m'kati mwa nthiti za wamkulu ku Brazil, ndi wina wopindika ngati ali m'dzira ku Uruguay. Ndi akale kwambiri mwa ana osabadwa onse odziwika a nyama za msana zomwe sizidalira madzi poswana. N'kutheka kuti inkabereka ana amoyo, kapena inkaikira dzira mwana atakhwima kale.

Aphunzitsi a Banda (Ulónguè): Watchula Gervais, ndiye ndiwonjezere chimene anthu ambiri sadziwa. Mwala woyamba umene anatchulirapo dzinalo, anthu a mtundu wa Griqua ku South Africa ndi amene anali nawo. Unapezeka m'nyumba ya mmodzi wa iwo cha m'ma 1830, akuugwiritsa ntchito ngati chivundikiro cha mphika. Lero uli mu miziyamu ku Paris.

Anaphiri (Zóbuè): Nkhani imeneyi yandikhudza. Ndiye kuti amene anayamba kuutola mwalawo ndi munthu wa kumudzi ngati ife, mwina mayi wophika. Pa miyala yonse yafulati iye anasankha umenewo, ndipo ine sindikhulupirira kuti sanaone mafupawo. Anawaona, anawakonda, anaubweretsa kunyumba. Koma dzina limene dziko likutchula ndi la wa ku France. A Phiri, mwala wanuwo musaupereke kwa munthu wongodutsa.

Nachisale (Tete): Amayi, pali china chokutonthozani. Ku Niassa, m'miyala ya ku Metangula, kunapezeka kanyama kakang'ono ka nyengo yomweyi ya Mesosaurus, yotchedwa Permian, koma kochedwerapo pang'ono, ka mbali yathu ya Synapsida. Anakatcha dzina mu 2013, Niassodon mfumukasi. Liwu lachiwirilo ndi lathu lomwe lija, mfumukazi, ndipo analisankha polemekeza amayi a kunyanja ndi a Mozambique yense. Amozambiki anali nawo m'gulu lomwe linagwira ntchitoyo. Kuno ku Tete komwe, ku Mágoè, kuli nkhalango ya mitengo yosanduka mwala, zipika zazikulu zili gonegone pamtunda.

A Phiri (Moatize): Za ku Mágoè ndinamvapo kwa mnzanga woyendetsa galimoto. Koma funso langa loyamba lija simunaliyankhe. Mu mina muno ndingapeze mafupa a Mesosaurus?

Nachisale (Tete): Musayembekezere zimenezo bambo. Miyala ya ku Moatize ndi ya gulu limodzi ndi ya Whitehill ija, lotchedwa Karoo, ndipo malasha ake ndi a nyengo yomweyo ya Permian, koma malo ake anali osiyana. Pansi penipeni pali miyala yotchedwa Vúzi, imene inasiyidwa ndi madzi oundana. Tete yotentha ino inali pansi pa chisanu choopsa, chifukwa Gondwana, dziko limodzi lija momwe munali Africa ndi South America, inali chakumwera kwambiri. Madzi oundana atasungunuka kunatsala zigwa za mitsinje, nyanja zing'onozing'ono ndi madambo, ndipo Glossopteris inamera mmenemo. Nyanja ya Mesosaurus inali kutali chakumwera ndi kumadzulo. Pamene kanyamako kankasaka tikamarau m'madzi amchere ku Namibia, kuno masamba ngati lanulo ankagwera m'thope. Inu muli ndi mbali ya kumtunda ya nkhani imodzimodziyo, ndipo tsamba lanu limafika kutali kuposa Mesosaurus, chifukwa limapezekanso ku India, ku Australia ndi ku Antarctica.

A Tembo (Cahora Bassa): Ndiye ife tikuyandama pamwamba pa zinthu zambiri osadziwa. Madzi akatsika m'chilimwe ndiziyang'ana miyala ya m'mbali.

Aphunzitsi a Banda (Ulónguè): Muziyang'ana a Tembo, ndipo mukaona kanthu mujambule chili pomwepo musanachisunthe. A Phiri, zidutswa zonse ziwiri za mwalawo musunge, mbali ya tsamba ndi mbali ya chidindo chake. Musautsuke ndi madzi, miyala yakuda yotereyi imayoyoka ikanyowa n'kuuma. Muukulunge m'nyuzipepala, ndipo mulembe pa kapepala tsiku ndi malo omwe munautola, chifukwa mwala wopanda malo ake umataya theka la umboni. Ngati malamulo a kuntchito kwanu akulola, ndikupempha kuti mundibwereke sabata imodzi. Ndili ndi ana oposa 60 m'kalasi amene Glossopteris amangoiona pa bolodi.

A Phiri (Moatize): Ndifunsa kaye kwa akuluakulu a kuntchito mawa. Akalola, mlamu wanga akukwera chapa ya ku Ulónguè Loweruka, ndimupatsira. Koma mwana wanga akuti ayambe wakauonetsa kukalasi kwake Lachinayi.

Nachisale (Tete): Ayambe iyeyo, ndi amene anauzindikira. Bambo, musanautumize mujambulenso chithunzi china kunja kukuwala, muike ndalama yachitsulo pambali kuti kukula kuoneke, ndipo kamera iyandikire pakati pa tsamba. Ndikufuna ndione ngati mtsempha waukulu wapakati ukufika mpaka kunsonga, chifukwa m'miyala yomweyo mumapezekanso Gangamopteris, imene imafanana nayo koma ilibe mtsempha wapakatiwo.

A Phiri (Moatize): Mtsempha ulipo, ndikuuona ndi maso pano. Chithunzi nditumiza m'mawa dzuwa likatuluka.